Thiraki Yosupulidwa Kromu

Sendererani pafupi. Nkhani iyi sifuna kukweza mawu, chifukwa ena mwa eni ake akadali moyo, ndipo amene anatsogola sitidziwa kuti makutu awo amafika pati.

Ku Chigumula kunali amuna awiri a bere limodzi, Disimasi Namalomba ndi mng'ono wake Bisiweki. Awiriwa sankamwerana madzi, ndipo udaniwo sunayambe atamera ndevu ayi. Ali ana ankapanga magalimoto a mawaya. Wopinda mawayawo mpaka zala kutuluka matuza anali Bisiweki. Disimasi ankangofika pomaliza, n'kukulunga kutsogolo kwa galimotoyo ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu, basi anthu n'kumati, "Koma Disimasi ndi mmisiri!" Bisiweki ankameza malovu owawa, ndipo anapitiriza kuwameza mpaka imvi zinayamba kutuluka.

Atakula, Bisiweki anakhala wopopera magalimoto penti pa galaja ina ku Limbe. Disimasi anakhala dalaivala wa mathiraki opita ku Joni, namanga nyumba pamalo amene bambo awo anasiya, osamufunsa mng'ono wake. Ku Joniko ankabwerako ndi makatoni a timagalimoto ta pulasitiki, tija timabwera tili zidutswazidutswa kuti mwini alumikize yekha ndi guluu. Sizinali zidole za ana, pakuti iye ndi mkazi wake Etinala analibe mwana. Akapuma paulendo ankakhala pakhonde n'kumamata, akamaliza n'kuika m'kabati ya galasi pabalaza. Chimene ankachikonda koposa chinali kromu, chonyezimira ngati siliva chija amakutira nacho mabampala, malimu a matayala ndi mapaipi a utsi. Dzuwa likalowa pawindo, kabati yonse inkangoti ng'aning'ani.

Tsono chaka china thiraki ya Disimasi inagubuduzika n'kuyaka moto panjira ya ku Tete. Bokosi la maliro ake linafika lokhomerathu. Nkhope palibe anaiona.

Misozi isanaume, Bisiweki anatulukira pakhomopo ndi katundu wake komanso mkazi wake Emelesi, mayi a Tiyese.

"Malo ano ndi a bambo athu," anatero. "Inu alamu, kwanu kulipo."

"Njerwa za nyumba iyi ndinasenza ndine pamutu panga," anayankha Etinala. "Inu nthawi imeneyo munali kuti?"

Achibale anayesa kulowererapo koma anatopa ndi pakamwa pa Bisiweki. Mathero ake, Etinala anakankhidwira m'kanyumba ka kuseri kosungiramo makala. Kuchoka ndiye anakanitsitsa. Anakhala choncho: bwalo limodzi, mpopi umodzi, mbaula ziwiri, moni palibe.

Loweruka lina masana, Bisiweki akufufuza pamwamba pa wadiropu ya malemu, anapeza katoni yosatsegula. Pamwamba pake panali chithunzi cha thiraki yofiira, yofanana ndendende ndi ija inapsa. Anainyamula n'kukakhala nayo pakhonde. Etinala anali pampopi akuchapa, ndipo ataiona katoniyo manja ake anaima m'beseni.

"Iyo musaikhudze. Anati adzaimata akabwerako ulendo uno."

"Ndiye abweretu adzaimate," anatero Bisiweki akuseka. "Achimwene ankangotengeka ndi zonyezimira ngati mwana. Lero muone mmene mmisiri weniweni amagwirira ntchito."

Etinala anamuyang'ana kwa nthawi, kenaka anayang'ana kugeti, n'kupitiriza kuchapa.

Mkati mwa katoni, zidutswa zinali zolumikizika ku timafelemu ta pulasitiki, ndipo felemu imodzi inali ya kromu yokhayokha. Imeneyo ndiyo Bisiweki anayamba kuigwira. Ankadziwa kuti pa kromu guluu sagwira bwino, penti nayenso amangosendeka. Thina wochotsera penti sakanatheka chifukwa amasungunula pulasitiki, sandipepa akanafafaniza timizere tonse tokongola. Choncho anatenga botolo la jamu, nathiramo jiki wochapira wa Emelesi, nadula bampala ndi lezala n'kuiponyamo.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenaka tithovu tinayamba kukwera, kunyezimira kuja n'kumachepa kuyambira m'mphepete, ngati nkhungu ikamachoka paphiri. Posakhalitsa bampala inatsala yotuwa mbuu, ngati fupa lokhalitsa padzuwa. Anaivuula, naitsuka, naikwecha ndi mswachi wakale kuti vanishi wachikasu wa pansi pake achokenso. Mumtima mwake munazizira bwino, ngati munthu amene wafinya chithupsa cha kalekale.

Emelesi anatuluka m'nyumba atagwira mphuno.

"Bambo a Tiyese, mwathira chiyani m'botolomo?"

"Jiki wako yemweyu."

"Jiki sanunkha choncho. Limeneli ndi fungo la dizilo. Ndiponso ngati tayala likupsa."

Bisiweki ananunkhiza, ndipo fungolo analimva ndithu. "Ndi utsi wa kumsewu," anatero, n'kuponyamo mapaipi a utsi ndi malimu.

Madzulo anayanika zidutswa zosupulazo pawindo la kubalaza. Kutacha sanazipeze. Anafufuza pansi pa mipando, anakutumula makatani, osaona kanthu. Atatsegula katoni ija, anazipeza zili mmenemo, chilichonse chitagonekedwa pamalo penipeni pamene anachidula pafelemu.

Anapita kukanyumba ka makala magazi akuwira, namenya chitseko ndi phazi.

"Mukulowa m'nyumba mwanga ndi kiyi wa ndani?"

Etinala anatsegula akumanga chitenje. "Maloko munasintha nokha tsiku lija munandiponya kuno. Ndilowera pati? Pa denga?"

"Afiti salowera pakhomo."

"Ndikanakhala mfiti, alamu, bwenzi mukuyenda chokwawa pano."

Emelesi anamukoka mwamuna wake malaya. Atabwerera m'nyumba ananong'ona kuti iye zidutswazo sanazikhudze, ndipo anapempha kuti katoniyo ibwezedwe pamwamba pa wadiropu. Bisiweki anamuuza kuti atseke pakamwa. Tsiku lomwelo anasupula matanki a mafuta ndi makwerero a pakhomo la dalaivala, ndipo pogona anazikulunga m'mpango n'kuziika m'thumba la buluku lake.

M'bandakucha anadzidzimuka. Kunja kunamveka kuti tshiii, mmene mabuleki a mpweya amapumira thiraki ikaima. Phokosolo silinachokere kumsewu. Linali pageti penipeni, pamene kanjira kake n'kopanikiza mwakuti ngakhale wa njinga ya makala amatsika podutsa. Agalu a oyandikana nawo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete. Kenaka kunamveka chitsulo chikuthetheka, the, the, the, mmene injini yotentha imachitira ikamazizira.

Emelesi anamugwira mkono. Dzanja lake linali lozizira.

"Mwamva?"

"Gona."

Koma iye mwini sanagone. Anasuzumira pawindo la kuseri, naona Etinala atakoleza mbaula, akuphitsa madzi. Mayiyo anathira madziwo m'ndowa, nawayesa ndi chala, nakawaika kubafa pamodzi ndi sopo ndi thawulo. Atatero anabwerera m'kanyumba kake n'kutseka. Kubafako iye sanalowe.

Dzuwa litatuluka, Bisiweki anapita kukaona. Ndowa inali yopanda madzi. Pansi panali ponyowa, ndipo thovu lotsalira pangalande linali lakuda bii, lamafutamafuta. Thawulo linali litapachikidwa pamsomali wa pamwamba, umene Etinala sakanaufikira popanda kupondera.

"Madzi aja munaphitsira ndani?" anamufunsa.

"Wapaulendo akafika amasamba," anatero Etinala osamuyang'ana. "Kapena kwa inu sizitero?"

"Mwayamba kulowetsa zibwenzi pamalo a bambo anga, eti? Thupi la achimwene lisanaole n'komwe!"

Etinala anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Lero mwawakumbukira kuti ndi achimwene anu?"

Mpango uja Bisiweki anaupeza m'thumba momwemo, womanga mmene anaumangira. Koma ataumasula munalibe kanthu. Ulendo uno ku katoni sanathamangireko. Atakaitsegula pambuyo pake, anazipeza zonse zili m'malo mwake.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Koma Bisiweki ankaona ngati kuleka n'kugonjanso kwa mkulu wake, ndipo anali atagonja kokwanira. Anaganiza zomata zidutswazo msangamsanga kuti zisamayendenso. Madzulo alionse akaweruka ankasupula, kutsuka, kumata. Thiraki inayamba kuoneka: mutu, matayala, matanki, zonse zotuwa. Pafelemu ya kromu panatsala timagalasi tiwiri toonera kumbuyo, tating'ono ngati chikhadabo cha khanda.

Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, anatsika minibasi nawoloka msewu. Polowa m'kanjira ka kwawo anaona munthu atakhala pa kalavati, atavala ovolosi ndi chipewa, nkhope atalozetsa kuchigwa. Anthu ankamudutsa osamupatsa moni. Bisiweki naye anati adutse, koma munthuyo anayankhula. Mawu ake anali osasa, ngati a munthu amene wameza utsi wambiri.

"Amisiri."

Bisiweki anaima.

"Zinazo mwatenga, tengani. Magalasi okha mundisiyire. Woyendetsa amafuna aziona amene wamusiya kumbuyo."

Bisiweki anayang'ana manja a munthuyo, amene anali pamaondo, koma anachotsako maso msanga, ndipo chimene anaonacho sanauzepo munthu. Mantha ndi mkwiyo zinalimbana mwa iye, mkwiyo n'kupambana.

"Wakutumayo ukamuuze kuti ine sindiopsezedwa," anatero. "Nyumba ndi yanga, katoni ndi yanga."

Munthuyo sanatembenuke. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wavomera. Bisiweki anayenda mofulumira, ndipo fungo la tayala lopsa linamuperekeza mpaka pageti.

Anafikira kukanyumba ka makala. "Ndiye mwafika polemba ganyu anthu oti azindidikirira panjira?"

Etinala anali akusankha nyemba. Anadzutsa mutu. "Anavala chiyani?"

Funsolo analifunsa mofatsa kwambiri. Bisiweki analowa m'nyumba, natenga botolo la jamu, nathiramo jiki watsopano.

Emelesi atamva zimene zinachitika pa kalavati anagwada pansi. "Bambo a Tiyese, ndagwira mwendo wanu. Timagalasi tiwiri tokha n'chiyani? Tisiyeni. Munthu wapempha."

"Moyo wanga wonse wakhala akupempha mwa mtundu umenewu. Akati ndisiyire, ndiye kuti watenga kale."

Anadula kagalasi koyamba. Asanakaponye anakayandikiza kumaso, mwina pofuna kudziona. Mmenemo munaoneka diso lake, phewa lake, ndi khomo la kubalaza kumbuyo kwake. Khomolo linali lotsegula, koma kuwala kwa panja sikunkaoneka, chifukwa china chake chinali chitaima pamenepo, chodzaza khomo lonse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anatembenuka. Pakhomo panali poyera, nkhuku ya oyandikana nawo ikudutsa pabwalo.

Anakukuta mano, naponya timagalasi tonse tiwiri m'botolo. Tithovu tinakwera. M'nyumba monse munangoti zii, ngakhale wailesi ya kuseri kwa mpanda inaleka kumveka.

Emelesi anadzuka, nalongedza zovala zake m'chikwama. "Ine ndikagona kwa achemwali ku Bangwe. Nyumba ino sinatilandire."

"Ukapita usadzabwerenso."

"Kubwerera chiyani?"

Bisiweki anatsala yekha, ndipo Lamulungu lotsatira anaimaliza thiraki ija. Sanaipake zofiira monga pachithunzi. Anaipopera penti wakuda wosawala, paliponse, mpaka nyali zomwe. Kunena zoona ntchitoyo inali yaukhondo, popanda guluu wotuluka kapena penti woyenderera. Anaiika m'kabati patsogolo pa timagalimoto tonse ta mkulu wake, nakhoma kabatiyo, kiyi n'kumumangirira m'khosi. Anakhala pampando n'kumaiyang'ana, akudikira kuti mtima usangalale. Koma kunalibe woti anene kuti ndi mmisiri.

Kutacha, kabati inali yokhoma, kiyi ali m'khosi mwake, thiraki mulibe. Timagalimoto tinato tinali m'malo mwake. Atatsegula chitseko cha panja anaona mabande a matayala pabwalo, akuluakulu, awiriawiri, olowa pansi ngati a galimoto yolemedwa ndi katundu. Anayambira pakhonde penipeni, nakathera pageti. Geti linali lokhoma, losakhudzidwa.

Apa ndiye anapenga. Anathyola chitseko cha Etinala, naponya panja mphasa, mapoto, zovala, mbaula ndi moto wake womwe.

"Ndikamabwera madzulo ndisakupezeni! Mukapanda kuchoka, kanyumba aka ndikayatsa muli momwemo!"

Etinala anaima pakati pa katundu wake, phulusa lili m'miyendo. Sanalire. Anayang'ana mabande aja, kenaka anayang'ana mlamu wake.

"Muyende bwino, alamu," anatero.

Tsiku limenelo kugalaja sanagwire ntchito yolongosoka. Madzulo anakwera minibasi natsika pasiteji ya masiku onse. Kuchokera ku Limbe, minibasi imatsitsa tsidya lina, ndipo kuti akafike kwawo ankayenera kuwoloka tala. Anayang'ana kumanzere, kunalibe kanthu. Anayang'ana kumanja, chakukhona.

Inali pamenepo. Yaikulu, yakuda, yopanda nyali, yopanda kalikonse kowala. Sinkamveka kulira, koma inkabwera. Anabwerera m'mbuyo kuti idutse. Anadikira. Sinadutse. Inali ikubwerabe, ili pakhona pomwepo. Amayi ogulitsa tomato anawoloka, wa kabaza anawoloka, ngakhale mbuzi inawoloka. Bisiweki anati mwina ndi maso, naponda phazi limodzi patala.

Nthawi yomweyo inali pa iye. Mphepo yotentha inamuomba kumaso, mdima unaphimba kumwamba konse, ndipo anadziponya chagada m'ngalande akukuwa. Anthu anathamangira kudzamudzutsa.

"Achimwene, mwatani? Ndi khunyu?"

"Thiraki! Simunaione thiraki?"

Anthuwo anayang'ana msewu, nayang'anana okhaokha. Msewu unali mbee.

Anayesanso, zinachitika chimodzimodzi. Amuna awiri anamugwira m'mikono kuti amuwolotse, koma anawaluma n'kupulumuka. Anamukweza pa kabaza atamumanga nsalu kumaso, koma iye anadzigwetsa njinga isanafike pamzere woyera. Anaganiza zochenjera: anakwera minibasi mpaka ku Bvumbwe kuti akakwere yobwerera, imene ikanamutsitsa mbali ya kwawo. Koma ku Bvumbwe nakonso yobwererayo imaima tsidya lina, ndipo atayang'ana kumanja anaipeza ili komweko, ikumudikira. Anabwerako wapansi, akuyenda m'mphepete.

Kuyambira pamenepo Bisiweki sanapondenso pakhomo paja. Ntchito inatha, chifukwa ku Limbe misewu ndi yosawerengeka. Wogulitsa matabwa wina anamumvera chisoni namulola kugona kuseri kwa shedi yake. Emelesi ankabwera ndi chakudya mwa apo ndi apo, kenaka anachepetsa. A mapemphero anabwera, asing'anga anabwera, onse anadya zawo n'kupita. Denga la nyumba ija linkaoneka bwinobwino kuchokera pasiteji, ndipo posakhalitsa utsi unayamba kutuluka kukhitchini ya nyumba yaikulu, makatani akale n'kubwerera m'mawindo. Bisiweki ankangoima m'mphepete mwa tala kuyambira m'mawa, ndevu zitakula, mutu utapendekera kumanja.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina masana, Etinala anatsika minibasi atasenza thumba la ufa. Bisiweki anamuona, namuyandikira akukoka mapazi. Mawu ake anali atachepa.

"Alamu."

Etinala anaima, thumba lili pamutu.

"Alamu, ndiwolotseni. Inu sangakugundeni. Ndingokatenga bulangete langa, basi. Nyumbayo khalani nayo."

"Nyumbayo mukundipatsa ndinu?"

Bisiweki anagwetsa nkhope. "Ndiwolotseni chabe."

Anatambasula dzanja. Etinala analiyang'ana dzanjalo, lakuda ndi litsiro. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana kumanja, chakukhona. Msewu unali wopanda galimoto ngakhale imodzi, tala akufuka nthunzi ya mvula. Koma mayiyo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, maso ake atakwera m'mwamba pang'ono, pamene pamakhala mpando wa dalaivala. Anakonza mpango wake ndi dzanja limodzi.

"Dikirani idutse kaye," anatero.

Ndipo anawoloka yekha, osafulumira.